Timafilimu toseketsa ta Kamen Rider: kuyambira pa Decade, pa W kapena pa Zi-O?

Ukamaliza magawo 49 a Kamen Rider W, mtima umatsala m'malere. Nkhani yatha bwinobwino, koma anthu a mumzinda wa Fuuto sunafune kusiyana nawo. Apa m'pamene ambiri timayamba kumva za timafilimu tatifupi toseketsa tomwe kampani ya Toei inkatulutsa pa intaneti, ndipo ukatifufuza umapeza kuti tilipo tambirimbiri, mwakuti sudziwa koyambira. Ine ndakhala nato nthawi yaitali, tina ndabwereza kangapo, tina ndinangopirira kuti ndimalize. Ndiye anzanga, tiyeni titiike pamodzi tione kuti ndi titi toyenera bandulo yanu.

Choyamba tidziwe kumene tinachokera. Kamen Rider, sewero la pa wailesi ya kanema la ngwazi zovala zigoba zotchedwa ma Rider, inayamba kuonetsedwa ku Japan mu 1971, kuchokera m'mutu mwa katswiri wojambula nthano, Shotaro Ishinomori. Masiku ano chaka chilichonse kumabwera ngwazi yatsopano, lamba watsopano wosandulikira, ndiponso filimu yaikulu yokaonera ku holo, kawirikawiri m'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti ana ali pa tchuthi. Kuyambira 2008 mpaka 2013, filimu yotere ikamayandikira, Toei inkayamba yatulutsa timafilimu ta mphindi zochepa kuti anthu akopeke. Tinali totsatsa malonda, zimenezo n'zosabisa. Koma mmalo mongoonetsa nkhonya ndi kuphulika kwa mabomba, anasankha kuti ochita sewero omwewo, atavala zovala zomwezo, aziseka ntchito yawo yomwe. Ngakhale maina ake amayambira pa nthabwala. Filimu ya Kamen Rider Kiva ya 2008 inkanena za mfumu ya m'nyumba yachifumu ya ku dziko la ziwanda, pomwe timafilimu take tisanu tinasandutsa mfumuyo kukhala mfumukazi. Mu 2012 filimu ya Super Hero Taisen, dzina lonena za nkhondo yaikulu, inatsagana ndi Super Hero Taihen, ndipo kusintha kwa chilembo chimodziko kunasandutsa nkhondo kukhala chipwirikiti. Ya Wizard ya 2013 inali ya ku Magic Land, timafilimu take n'kukhala ta ku Maji ka Land, mawu a Chijapani omwe munthu amanena podabwa, ngati mmene ife timanenera kuti "zoona?"

Ta Kiva ndi tochepa ndipo ndi poyambira chabe. Mpikisano weniweni, kwa ine, uli pakati pa magulu atatu: ta Decade ta 2009, ta W ta 2010, ndi ta Zi-O ta 2018.

Ta Decade, totchedwa All Riders Super Spin-off, tilipo 30, pomwe sewero lenilenilo la pa wailesi ya kanema linali ndi magawo 31 okha. Decade ndi Rider woyendayenda m'maiko a ma Rider anzake, choncho timafilimu take tinatenga udindo wa mphunzitsi wa mbiri. Muli mafunso ndi mayankho, muli kufananitsa zigoba zakale, muli ma Rider a zaka za m'ma 1970 ndi 1980 omwe mwana wa lero sangawazindikire. Chimene ndimatikondera kwambiri n'chakuti tinatulutsa poyera anthu ovala masuti aja, amene nkhope zawo sizioneka koma ndi amene amalumpha, kugwa ndi kutuluka thukuta. Seiji Takaiwa, mwachitsanzo, ndiye anali m'kati mwa suti ya pafupifupi Rider wamkulu aliyense wa nyengo ya Heisei (masewero a kuyambira 2000 mpaka 2019), kupatula Kuuga ndi Hibiki. Ukadziwa zimenezi, kaonedwe kako ka sewero lonse kamasintha. Umayamba kuzindikira kuti kaimidwe ka Kabuto koloza kumwamba ndi matama a chilombo Momotaros pamene walowa mwa Rider Den-O ndi luso la thupi la munthu mmodzi. Pa ichi chokha ta Decade tili ndi ulemu wake.

Vuto lake ndi lakuti kuseka kwake n'kwa apo ndi apo. Mafunso akachuluka zimakhala ngati uli m'kalasi, ndipo ngati sudziwa kusiyana kwa Rider woyamba ndi wachiwiri, kapena chifukwa chimene Riderman amaonekera kukamwa pomwe anzake anabisa nkhope yonse, nthabwala zina zimangokudutsa ngati mphepo. Ndi chakudya cha munthu amene wayamba kale kukumba zakale.

Ta W ndi nkhani ina. Tilipo 26, chifukwa filimu yomwe tinkatsatsa, W Forever, imazungulira pa ma Gaia Memory 26, tizipangizo topatsa munthu mphamvu zosandulika, kuyambira chilembo A mpaka Z. Kafilimu kalikonse kanatenga chilembo chake. Koma mphamvu yake siili pa chiwerengerocho ayi, ili pa anthu. W ndi sewero lomwe linali kale ndi nthabwala m'magazi: Shotaro Hidari wofunitsitsa kuoneka ngati wofufuza milandu wouma mtima pomwe mtima wake ndi wofewa ngati dzira losapsa, Philip amene akatengeka ndi chinthu chimodzi amaiwala dziko lonse, ndi Akiko, bwana wa ofesi, amene patapata yake simachedwa kutera pamutu pa munthu. Anthu oterewa sufunika kuwapotoza kuti aseketse. Umangowachotsera mlandu wofufuza, n'kuwasiya m'chipinda chimodzi.

Pano ndichenjeze amene sanafike gawo 18 la W kuti adumphe ndime ino. Kirihiko, mkamwini wa banja la Sonozaki logulitsa ma Gaia Memory, ndi mmodzi mwa adani omwe imfa yawo inandikhudza kwenikweni. Anali kumbali yoipa, inde, koma ankaukonda mzinda wa Fuuto ndi mtima wonse, ndipo anaphedwa ndi mkazi wake yemwe atangoyamba kuona kuti malonda a banjalo akuwononga ana. M'timafilimu iti anamubweza n'kumupatsa pulogalamu yakeyake yocheza ndi alendo, yotengera pulogalamu yotchuka ya Tetsuko Kuroyanagi yomwe yakhala pa TV Asahi kuyambira 1976. Ndiye taganizani: munthu amene unamulira wakhala pampando mwaulemu, akulandira alendo, ena mwa iwo anthu omwe anamuchita zoipa. Umaseka, koma pansi pa kusekako pali chisangalalo chenicheni chomuonanso. Chimodzimodzi dokotala Isaka, amene m'sewero lenileni ndi munthu woopsa zedi, wopha banja la wapolisi Ryu Terui. Muno chilakolako chake chodabwitsa pa matupi a zilombo za Dopant chimasanduka gwero la phwete. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kuti woonera akhale atamuopa kaye munthuyo. Ndiye chifukwa chake ndimati ta W ndi tokoma koposa tonse, komanso ndi tosayenera kutionera usanamalize sewero lake.

China chimene chimakoma lero n'kuona Masaki Suda, amene ankasewera Philip, ali mnyamata wa zaka zosakwana 18, asanakhale mmodzi mwa akatswiri otchuka kwambiri a mafilimu ku Japan. Iye ndi Renn Kiriyama, amene ankasewera Shotaro, amaoneka kuti ankagwirizanadi, ndipo m'timafilimu tatifupi chotere kugwirizana koteroko sikubisika.

Tisanafike pa Zi-O, pali gulu lina lomwe anthu amalitchula kawirikawiri chifukwa cha kuchuluka kwake. Mu 2011, pokondwerera zaka 40 za Kamen Rider, filimu ya Let's Go Kamen Riders inabwera ndi timafilimu 48. Chiwerengerocho chinachokera pa kuchulukitsa magulu 12 a nyenyezi zakubadwa ndi mitundu inayi ya magazi, A, B, O ndi AB, chifukwa ku Japan anthu ambiri amakonda kucheza zoti mtundu wa magazi umasonyeza khalidwe la munthu. Aliyense amayenera kupeza Rider wogwirizana naye. Maganizo ake ndi abwino, ndipo kuonera kako ndi ka anzako awiri atatu n'kosangalatsa. Koma kuonera tonse 48 motsatizana n'kudzizunza, chifukwa kapangidwe kake kamangobwerezabwereza. Sanatipangire kuti munthu atimalize. Ta Fourze ta 2012, tomwe tinatengera sukulu ya Amanogawa n'kusandutsa chilichonse kukhala phunziro, ndi ta Wizard ta 2013, tili pakatikati: ngati unawakonda anthu ake udzasangalala, ngati sunawakonde palibe chimene wataya. Super Hero Taihen ili ndi mwayi umodzi kwa ife amene tinakulira pa Power Rangers, chifukwa imasakaniza ma Rider ndi magulu a Super Sentai, komwe Power Rangers inatenga masuti ndi zithunzi za nkhondo kuyambira 1993. Maonekedwe ena sakhala achilendo.

Tsopano Zi-O. Apa zinthu zinali zitasintha. Toei inali itatsegula Toei Tokusatsu Fan Club mu 2015, malo olipira mwezi ndi mwezi, ndipo timafilimu ta Zi-O, totchedwa Supplementary Plan, sitinkatsatsa filimu ya ku holo. Tinkatuluka pambuyo pa gawo lililonse la pa kanema, n'chifukwa chake manambala ake ndi 1.5, 2.5, mpaka 16.5. Zi-O inali Rider wa nambala 20 komanso womaliza wa nyengo ya Heisei, nkhani ya Sougo Tokiwa, mnyamata wolota ufumu amene amauzidwa kuti m'chaka cha 2068 adzakhala mfumu yankhanza. Popeza ndi nkhani yoyenda m'nthawi, yokumana ndi ma Rider akale, mafunso ankachuluka sabata iliyonse. Mbiri ya uyu yafufutika bwanji? Nanga uja bwanji sanabwere?

Mmalo mothawa mafunsowo, Supplementary Plan inawatenga n'kuwaika patebulo. Ochita sewero amaima atagwira mapepala a mawu awo m'manja, osabisa kuti akuwerenga, n'kumakambirana za sewero lomwe iwo eni ali m'kati mwake. Mu 2.5 muli Sento ndi Ryuga a mu Kamen Rider Build, sewero lomwe Zi-O inalowa m'malo mwake, ndipo m'menemo amaika malamulo a dziko la Zi-O. Limodzi mwa malamulowo limachenjeza kuti wofunsitsa za zifukwa za akuluakulu adzapondedwa ndi hatchi. "Zifukwa za akuluakulu" ndi mawu omwe Ajapani amagwiritsa ntchito ponena zinthu za kuseri monga ndalama, mapangano ndi kusowa kwa nthawi. Aliyense woonera ankadziwa kuti ena mwa anyamata omwe anayambira pa Kamen Rider anali atakula kwambiri pa ntchito moti kuwapeza kunali kovuta. M'magawo a Fourze a mu Zi-O, mwachitsanzo, Sota Fukushi, amene ankasewera Fourze, sanabwere kudzajambulitsa nkhope yake. Sewero lina likanangokhala chete. Apa kampani inavomera pamaso pa anthu, moseka, kuti inde taona zimene mwaonazo.

Kunena zoona, pa nzeru ta Zi-O timaposa ta W. Ndimalemekeza kulimba mtima kotero, ndipo kangapo tinandithandiza kumvetsa zimene gawo lenileni linasiya m'mbuyo. Koma tili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, sitingaime patokha ngakhale pang'ono. Ukaonera 7.5 usanaone gawo 7, palibe chimene ungatolepo. Njira yokhayo ndi kulukana: gawo, kafilimu kake, gawo, kafilimu kake. Chachiwiri, tinathera pa 16.5 pomwe sewero linapitirira mpaka gawo 49, ndiye pamene nkhani inkafika povuta kwenikweni, mnzako wokufotokozera uja anali atapita kale. Ndinamusowa.

Palinso kusiyana kwa kakomedwe komwe ndikufuna ndikutsindike, chifukwa ndi kumene kumandipangitsa kusankha. Ta Zi-O timakuseketsa ndi mutu: umaseka chifukwa wazindikira chimene akunena mobisa, ndipo nthabwala yotere ukaimva kamodzi yatha ntchito. Ta W timakuseketsa chifukwa umawadziwa anthuwo ngati abale. Akiko akakweza patapata, umadziwa kale chimene chikubwera, ndipo umasekabe kachitatu ndi kachinayi. Ta Decade timakupatsa chidziwitso chimene umanyamula kupita nacho ku masewero ena onse.

Za chilankhulo musazipeputse. Timafilimu tonseti tili m'Chijapani, ndipo mbali yaikulu ya nthabwala zake ndi kuseweretsa mawu. Pa nkhondo ya pa kanema ukhoza kutsatira ngakhale osamva liwu limodzi, koma pano popanda mawu omasulira olembedwa pansi umangoona anthu akukuwa. Ta Zi-O ndi tomwe timavutika kwambiri pamenepa, chifukwa ndi kuyankhula kokhakokha. Ta W timapulumukako chifukwa nkhope ndi matupi a ochita sewero zimanena zambiri. Dziwaninso kuti Toei Tokusatsu Fan Club inakonzedwera anthu okhala ku Japan, pomwe timafilimu takale tija tinatulutsidwanso pa DVD kumeneko. Ubwino wake ndi wakuti kafilimu kamodzi ndi ka mphindi zochepa, sikadya bandulo ngati gawo lathunthu.

Mnzanga wina anandifunsa kuti, pokhala sanaonepo Kamen Rider iliyonse, angayambire pa timafilimu iti kuti alawe kaye. Ndinamuletsa. Ndinamuuza kuti ayambe W yeniyeniyo, afike pa gawo 49, aonere W Forever, kenako atsegule chilembo A. Akadzafika pa Zi-O adzalukane magawo 16 oyambawo ndi timafilimu take, ndipo ta Decade adzatisunge mpaka tsiku limene adzayambe kufunsa kuti kodi m'kati mwa sutimo muli ndani. Pa 48 tija ndinangomufunsa mwezi wake wobadwa ndi mtundu wa magazi ake, kuti adzaonere kamodzi kake.