Sukulu yaing'ono kapena yaikulu: iti imadya ndalama zambiri?

Makolo anzanga akhala akundifunsa kuti pakati pa sukulu yaing'ono ndi yaikulu, ndi iti yomwe boma limawonongerapo ndalama zambiri pa mwana mmodzi.

Pa pepala, yotchipa ndi yaikulu. Mphunzitsi wamkulu amakhala mmodzi, kaya ana alipo 80 kaya 800. Denga likadontha likonzedwa basi, ngakhale m'kalasimo muli ana khumi okha. Ndipo poti gawo lalikulu la ndalama za sukulu ndi malipiro a aphunzitsi, kalasi ikachepa ana, mtengo wa mwana aliyense umakwera. Maganizo amenewa anathandiza kuti ku America zigawo zoyendetsa sukulu zitsike kuchoka pa zoposa 117,000 mu 1940 kufika pa zosakwana 20,000 mu 1970.

Kukula nakonso kuli ndi polekezera. Ana akachuluka kwambiri pamafunika achiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, alembi, alonda owonjezera, mtengo n'kuyambanso kukwera.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi mtunda. Sukulu ya mwana wanga itaphatikizidwa ndi ina, akuluakulu anatiwerengera bwinobwino ndalama zomwe zapulumuka. Za ulendo sanatchule n'komwe. Kumene boma limapereka mabasi, ndalamayo imangosamukira ku bajeti ya mayendedwe. Kumene kulibe, imatuluka m'thumba la kholo ndi m'miyendo ya mwana. Amadzuka kudakali mdima, kufika m'kalasi atatopa kale, mvula ikagwa n'kujomba. Wojombajomba amabwereza kalasi, ndiye kuti boma lalipira kawiri chaka chimodzi. Nanga wosiyira panjira? Zonse zomwe zinalowa pa iyeyo palibe amene amaziika pa mlandu wa sukulu yaikuluyo.

N'chifukwa chake ndimakonda kuwerengera mtengo pa mwana womaliza sukulu, osati pa dzina lililonse la m'kaundula. Ku New York anatsegula masekondale ang'onoang'ono ambiri kuyambira 2002, ndipo kafukufuku wa bungwe la MDRC anapeza kuti ana ake ankamaliza ochulukirapo, moti mtengo wa womaliza aliyense unali wotsika.

Pa zipangizo za sayansi ndi aphunzitsi a maphunziro apadera, yaikulu ilibe mnzake, sindikana. Labotale ya ana 60 ndi yodula zedi.

Kwa wa sekondale ndingalolere yokulirapo chifukwa cha labotaleyo. Wa pulayimale ayi, aphunzire pafupi, ngakhale sukuluyo iwoneke yodula m'mabuku awo.