Soda, magnesium ndi omeprazole: zomwe ndinaona chilungulira chitandizunza

Anzanga akhala akundifunsa chifukwa chomwe ndinasiyira kumwa soda chilungulira chikandigwira, chonsecho kale ndinali ine wolimbikitsa ena. Ndingoyankhira pano kamodzi.

Chifu chimadzipangira chokha soda wake. Asidi wa mmenemo ndi waukali, pH yake (muyeso wa ukali wa asidi: nambala ikachepa, ukali wachuluka) imatsika mpaka 1 kapena 2, koma khoma la chifu limakutidwa ndi ntchofu yoterera ngati therere, ndipo pansi pa ntchofuyo limatulutsa bicarbonate, mankhwala ochepetsa ukali wa asidi. Asidi akamafika pakhoma penipenipo amakhala atazirala, pH ili pafupifupi 7. Kumayambiriro kwa matumbo nako kumatuluka bicarbonate wolandira asidi wochokera m'chifu.

Soda wophikira chigwada ndi bicarbonate yemweyo, n'chifukwa chake sachedwa. Kasupuni m'kapu ya madzi, kugeya kawiri, moto wazima. Apa m'pomwe anandipusitsira. Msana unkandivuta, ndiye kwa milungu ingapo ndinkamwa ibuprofen wogula pagolosale, nthawi zambiri m'mimba muli gwa, ndisanadye kanthu. Pamtima pakayamba kuwotcha ndinkathamangira soda, n'kumaona ngati ndathana nazo. Wachipatala ndiye anandimasulira kuti ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amaletsa thupi kupanga prostaglandin, yemwe amalamula khoma lija kutulutsa ntchofu ndi bicarbonate. Kunali kutungira madzi m'dengu. Soda wakumwa amangosakanikirana ndi chakudya, n'kutha mphamvu posakhalitsa. Sangamatirire pakhoma usana ndi usiku ngati wa thupi uja. Ankangotseka pakamwa mimba yomwe inkandichenjeza. Kuwonjezera apo ali ndi sodium wambiri, mchere womwe umakweza BP, ndipo kwathu BP ndi ya kumtundu.

Magnesium trisilicate, wa chilungulira wotafuna uja, ndimamukhululukira. Sadzaza mpweya ngati soda, ngakhale ena amawatsegula m'mimba. Koma ali ndi msampha womwe ogulitsa ambiri satchula: amagwira mankhwala ena m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi, monga doxycycline, ciprofloxacin ndi dolutegravir wa mu ma ARV omwe ambiri akumwa masiku ano. Amene muli pa ma ARV amenewa, imwani ARV maola 2 musanatafune magnesium, apo ayi dikirani maola 6 mutatafuna.

Za mkaka sinditaya nthawi. Umaziziritsa pang'ono, kenako chifu chimatulutsanso asidi wina.

Omeprazole ndiye amakwiyitsa anthu osapirira, chifukwa ukamwa moto uli kale lawilawi suona kusintha msanga. Iye sazimitsa asidi yemwe watuluka kale, amatseka komwe asidiyo amatulukira. Amamwedwa m'mawa, mphindi 30 usanadye, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka pakapita masiku angapo. Ineyo ndi amene anandichiritsa, pamodzi ndi kusiya ibuprofen n'kutenga paracetamol. Asidi atachepa, khoma linapeza mpata wodzikonza.

Komabe omeprazole simungomugula mwezi ndi mwezi osakayezetsa. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo ka H. pylori, komwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandirira mphoto ya Nobel mu 2005, ndipo kameneka kamafuna ma antibiotic. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula kapena mwasanza magazi, zonse ndatchulazi zisiyeni, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.