Kusaka kachilombo kapena kuyeza zinthu za m'magazi: njira zopezera matenda a mu ubongo

Mwana akafika ku Kamuzu Central Hospital ali chikomokere, thupi likutentha, achipatala amafuna kudziwa msanga ngati ali ndi malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Njira yakale ndiyo kusaka kachilombo kenikeniko. Njira ina imene ofufuza akuiyesa masiku ano ndiyo kuyeza zinthu zimene thupi limapanga likamalimbana ndi tizilombo, monga lactate, neopterin ndi quinolinic acid, m'magazi kapena m'madzi a mumsana.

Kuyeza magazi pa galasi ndi maikulosikopu n'kotsika mtengo ndipo kumaonetsa mtundu ndi kuchuluka kwa tizilombo. RDT, kachipangizo koyezera malungo ndi kadontho ka magazi, imachita changu kuposa pamenepo, koma puloteni ya tizilombo yotchedwa HRP2 imene imayezedwayo imatsalira m'magazi kwa masabata angapo munthu atachira kale. Vuto la njira ziwirizi ndi loti m'dera la malungo ambiri ana ochuluka amayenda ndi tizilombo m'magazi osadwala, choncho kutipeza sikutsimikiza kuti ndito takomola mwana. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2004, amene anapima matupi a ana omwalira, anapeza kuti mwa ana 31 omwe ankaganiziridwa malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Ku Blantyre komweko kunaoneka kuti kuunika kuseri kwa diso, n'kuona madontho a magazi, zigamba zoyera ndi mitsempha yosintha mtundu, kumasiyanitsa bwino malungo enieni a mu ubongo. Kwa ine imeneyi ndi njira imene sitikuigwiritsa ntchito mokwanira, pakuti imangolira chounikira diso ndi munthu wophunzitsidwa.

Kuyeza zinthu za m'magazi kumayankha funso lina. Lactate, asidi amene amachuluka m'magazi ziwalo zikasowa mpweya wokwanira, akafika 5 mmol/L, kapena shuga akatsika pansi pa 2.2 mmol/L, ndiye kuti malungo ndi aakulu ndipo wodwala ali pangozi. Zimenezi zimayezeka pambali pa bedi ndi kadontho ka magazi, ndipo shuga wotsika amakonzeka nthawi yomweyo ndi dextrose, madzi a shuga operekedwa mumtsempha. Koma lactate amakweranso mwana akataya madzi m'thupi, akakhala ndi mabakiteriya m'magazi, ngakhale akangotha kutsalima. Amatiuza kukula kwa matenda, osatchula chimene chawayambitsa. Quinolinic acid wokwera m'madzi a mumsana ndi arginine (chimodzi mwa zomangira mapuloteni) wotsika m'magazi zapezeka mwa ana a malungo a mu ubongo, koma kuziyeza kumafuna makina okwera mtengo a mass spectrometry kapena ena otere, amene kwawo ndi ku labu ya kafukufuku, osati ku zipatala zazing'ono ngati za ku Kawale kapena ku Area 25 mu Lilongwe.

Pa kaodzera, amene amafala ndi ntchentche za kashembe cha ku Nkhotakota, Kasungu ndi Rumphi, kachilomboka kamaoneka pa galasi, ndipo kuti tidziwe ngati kalowa mu ubongo timawerenga maselo oyera m'madzi a mumsana: akaposa 5 pa microlitre, kafika. Neopterin, amene thupi limapanga chitetezo chake chikadzuka, anayembekezeredwa kulowa m'malo mwa kuwerengaku, koma amachita bwino pa mtundu wa kachilomboka wotchedwa gambiense wa kumadzulo ndi pakati pa Africa kusiyana ndi rhodesiense wathu kuno, ndiponso kumuyeza kumafunabe kubaya pamsana. Kubwera kwa mapiritsi a fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi, kwachepetsanso kufunika kodziwa ngati kachilombo kalowa mu ubongo.

Kwa wamkulu amene wayamba kugwa khunyu mwadzidzidzi, timaganizira timatumba ta mu ubongo ta nyongolotsi ya Taenia solium, timene timabwera munthu akameza mazira ake kudzera m'zakudya kapena madzi odetsedwa ndi chimbudzi. Kwa wodwala HIV amene CD4 yatsika kwambiri timaganizira toxoplasmosis, matenda a kachilombo kena kamene kamatupitsa malo ena mu ubongo. Apa chopambana ndi chithunzi cha mkati mwa mutu cha makina a CT kapena MRI. MR spectroscopy, njira ya MRI yoyeza makemikolo a mu ubongo, imatha kuonetsa succinate m'katumba ka nyongolotsi, kapena choline wambiri mu khansa ya lymphoma imene pa chithunzi imafanana ndi toxoplasmosis, koma imafuna makina amphamvu ndi katswiri wowerenga zotsatira. N'chifukwa chake madokotala ambiri akaganizira toxoplasmosis amangoyambitsa mankhwala a co-trimoxazole a mlingo waukulu, n'kuona ngati wodwala akupezako bwino m'masabata awiri.

Chipatala cha mu Lilongwe chikakhala ndi ndalama zochepa, ndingachilangize kuyamba ndi timapepala toyezera shuga ndi lactate tosasowa m'wodi ya ana, chounikira diso, ndi kuphunzitsa anthu a mu labu, makina aakuluwo adikire.