Amanyoza makoleji, koma Python yawo ndi yakalekale

Ndinalembetsa kosi ya pa intanetiyi, yophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta, chifukwa cha lonjezo lawo loti amaphunzitsa zomwe makampani akufuna, osati za ku koleji. Ku koleji tinaphunzira zinenero zolembera mapulogalamu za Java ndi C, pomwe olemba ntchito akufunsa JavaScript, SQL (chinenero chofunsira deta yosungidwa m'matebulo) ndi Git (chida chosunga mbiri ya zosintha m'mafayilo a pulogalamu). Ndalama zija ndinalipira zonse pakamodzi.

Chandipsetsa mtima ndi gawo la Python. Ndinalemba chitsanzo choyamba monga momwe mphunzitsi analembera pa vidiyo, print yopanda mabulaketi, kompyuta n'kundibwezera SyntaxError, uthenga woti kalembedwe kalakwika. Kuyang'anitsitsa, gawo lonse ndi la Python 2, yomwe eni ake anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020. Ngakhale kugawa manambala sikufanana: kwa iwo 5/2 ikupereka 2, kwa ine pa Python 3 ikupereka 2.5, ndiye makina awo ochongera ankangokana mayankho anga olondola. Ndinawalembera mwaulemu. Bambo amene anandiyankha, patapita masiku, anangoti ikani Python 2.7 muzipitiriza, ngati kuti wolakwa ndine. Nditafunsa zondibwezera ndalama za gawoli, kuli zii mpaka lero. Python 3 inatuluka mu 2008, anthu inu! Mukamanena kuti makoleji ndi otsalira, mumadziyang'ana?

Komabe sindinganame, gawo la Git ndi labwino zedi. Mayi amene amaliphunzitsa amayambitsa dala merge conflict, pamene zosintha ziwiri pa mzere umodzi zawombana, n'kukusiyani mukonze nokha mzere ndi mzere musanaone yankho lawo. Ife ku koleji tinkangopatsana mafayilo pa fulashi, wina n'kufufuta ntchito ya mnzake osadziwa. SQL nayo aifotokoza bwino, makamaka JOIN yolumikizira matebulo, ndi matebulo osokonekera ngati a kuntchito enieni.

Pa TypeScript, yomwe ndi JavaScript yowonjezera ma type (mitundu ya deta), ndinadutsa mosavuta, ndipo amene anandithandiza ndi Java yomwe amainyozayo, chifukwa nkhani ya ma type ndi ma interface ndinali nditaizolowera kale. Anzanga a m'gulu amene anayambira pomwepa ankavutika nayo kwambiri. Mabanki akuluakulu ambiri akuyendabe ndi Java, ena mpaka COBOL ya 1959, choncho zonyoza zija ndi zongokopera makasitomala.

Ndapereka nyenyezi zitatu chifukwa cha mayi a Git aja. Musanalipire, afunseni kaye ngati gawo la Python analijambulanso.