Land Rover yakale: zitsulo za chaka chake, zosakaniza za Series, kapena za Defender?

Anzanga okonda magalimoto akale akhala akundifunsa funso limodzi lomweli pa WhatsApp, ndiye ndiyankhe kamodzi onse amve. Munthu ukamadzutsa Land Rover ya Series imene yagona pansi pa mtengo zaka zambiri, uzisaka zitsulo za chaka chake chenicheni, kapena uziika chilichonse chimene chalowa? Ineyo ndili ndi Series IIA yaifupi ija ya mainchesi 88, ya 1968, ya petulo, nyali zake zili pakati pa mphuno. Njira zimene anthu amakangana nazo ndi zitatu, ndipo ndinena pachiyambi pomwe kuti sindizikonda mofanana.

Njira yoyamba ndi ya akuluakulu amene safuna ngakhale bawuti imodzi ya chaka china. Kwa iwo Series IIA, imene inapangidwa ku Solihull ku England kuyambira 1961 mpaka 1971, iyenera kukhala ndi dashibodi yachitsulo, mawotchi ali pakati, mahinji a zitseko otuluka kunja. Amadziwa kuti nyali zinasamukira m'mapiko, pa malata a pamwamba pa matayala akutsogolo, cha mu 1969, kuti magetsi anasintha mu 1967, ndipo akaona girilo ya pulasitiki ya Series III pa galimoto ya 1965 amatembenukira kumbali. Ndimawalemekeza. Galimoto yotere ndiyo imakhala ndi mtengo ukafuna kugulitsa kunja, ndipo abale athu a ku Britain ali ndi chifukwa china choisungira choncho: kumeneko galimoto yopitirira zaka 40 siikakamizidwa kupita ku MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka ngati galimoto ili yoyenera pa msewu, ngati sinasinthidwe kwambiri. Koma kuno kwathu? Ma Land Rover athu anagwira ntchito ku boma, ku polisi, ku mishoni ndi m'maesiteti, ndipo chitsulo chikathyoka makaniko ankachotsa pa inzake imene yafa, osayang'ana chaka. Mukazungulira ku Ndirande kapena ku Biwi mudzapeza zitsulo za Series zilipo ndithu, koma wogulitsayo akuuzani kuti "ndi cha Land Rover yakale, bwana," basi. Chaka mudzadziwira nokha. Kuitanitsa chilichonse ku Britain kapena ku Johannesburg n'kotheka, koma kachitsulo kotchipa pa intaneti kamafika m'manja mwanu katakwera ndi ndalama yotumizira ndi msonkho, galimoto ili pa miyala kudikira. Njira imeneyi ndi ya munthu amene ali ndi galimoto ina yoyendera.

Yachiwiri ndi kusakaniza m'banja momwemo, za Series II, IIA ndi III. Kumeneku n'kumene ine ndili.

Land Rover inasintha pang'onopang'ono kwambiri moti zitsulo za 1960 ndi za 1983 zambiri zimalowerana. Injini ya malita 2.25 inayamba mu 1958 n'kufika mpaka Series III itasiya kupangidwa mu 1985, ndipo ya kuyambira 1980, imene crankshaft yake imakhala pa mabering'i asanu m'malo mwa atatu, ndi yolimba kuposa yakale. Mukaipeza, ikani, musachite manyazi. Alternator m'malo mwa dayinamo, ikaninso, koma ngati galimoto yanu ndi ya 1967 isanafike muyambe mwatembenuza magetsi, chifukwa zakalezo waya wa pozitivu ndi umene umapita ku chesisi. Mabuleki akutsogolo a mainchesi 11 a galimoto yaitali ya 109 pa galimoto yaifupi imene inabwera ndi a mainchesi 10, amenewo ndimalimbikitsa aliyense amene akuganiza zodzatsika Gorodi kuchokera ku Livingstonia, bola master cylinder ikhale yogwirizana nawo. Kampani yeniyeniyo inachita zomwezo pa magalimoto aafupi kuyambira 1980.

Pa giyabokosi pokha ndili ndi tsankho. Ya Series III ili ndi synchro, kachipangizo kothandiza giya kulowa mosakukuta, pa magiya onse anayi, ya IIA pa lachitatu ndi lachinayi pokha, ndiye ambiri amathamangira ya III kuti asamakukute mano a giya polowetsa lachiwiri. Ine yanga ndi ya IIA ndipo siichoka. Amakaniko akale ambiri amati ndiyo yolimba, ndipo kuponda kilatchi kawiri munthu umaphunzira msanga. Komanso amene akufuna kusintha adziwe kuti si giyabokosi yokha: kilatchi ya magalimoto awiriwa imakankhidwa mosiyana, ndiye bellhousing ndi slave cylinder ziyenera kubwera limodzi. Wokugulitsani giyabokosi sanena zimenezo. Mumazindikira ili kale pansi pa galimoto.

Chovuta cha njira imeneyi ndi masipanala. Galimoto imodzi imakhala ndi mabawuti a Whitworth ndi BSF pa giyabokosi ndi ma axle, a UNF pena, a mamilimita pa injini ya 1980. Mnyamata wa pa galaja amene ali ndi masipanala a Toyota okhaokha amakakamiza ya 13 pa mutu umene si wake, mutuwo n'kukhala wozungulira, kenako amatenga tchizulo. Gulani masipanala anuanu muziyenda nawo.

Yachitatu ndi kutenga za magalimoto a m'mbuyo mwake, Range Rover, Discovery ndi Defender. Otchuka ndi awiri: injini ya dizilo ya 200Tdi, imene inatuluka mu Discovery mu 1989 n'kulowa mu Defender mu 1990, ndi madifu othamanga a 3.54 (difu ndi magiya a pakati pa axle amene amagawira matayala awiri mphamvu). Chikoka chake chikumveka. Dizilo yakale ya 2.25 inali ndi mphamvu ya mahatchi pafupifupi 62, Tdi ili ndi oposa 100, ndipo imamwa mafuta pang'ono poyerekeza ndi petulo yanga imene imandisiya m'thumba muli mbee. Imamangika ku giyabokosi ya Series popanda vuto lalikulu. Koma ekizozi, radiator, malo a turbo, zonse n'zosula ndi kuwotcherera, ndipo mphamvu yonseyo ikudutsa mu giyabokosi ndi ma half shaft a mizere 10, zitsulo zochokera ku difu kupita ku tayala, amene anapangidwira injini yofatsa. Ena amachotsa turbo dala kuti asaphe giyabokosi. Musaiwalenso kuti nambala ya injini ili m'mapepala a galimoto, ndiye mukasintha injini pali ulendo wa ku Road Traffic.

Tsono nkhani ya madifu. Apa mundilole ndikhalitse, chifukwa ndi pamene ndinapsa.

Series inabwera ndi madifu a 4.7 kutsogolo ndi kumbuyo. Range Rover yakale ili ndi a 3.54. Tsoka lake n'lakuti difu ya Range Rover yakale ya mizere 10 imalowa mu axle ya Series ngati kuti inabadwira momwemo. Mabawuti omwewo, ma half shaft omwewo, kunja simungasiyanitse. Kusiyana kuli m'kati: ya 4.7 ili ndi mano 47 pa gudumu lalikulu ndi 10 pa kakang'ono, ya 3.54 ili ndi 46 ndi 13.

Bambo amene anandigulitsa galimoto yanga analumbira kuti zonse ndi za chaka chake. Penti yobiriwira yowala, mipando yokutidwa kumene, injini ikulira bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Difu ya kumbuyo inali itafa nthawi ina, iwo n'kuikamo ya Range Rover, ya kutsogolo n'kuisiya ya 4.7, osanena kanthu. Ndipo pa tala simungadziwe, chifukwa Series imayenda ndi matayala akumbuyo okha mpaka mutadina kandodo ka mutu wachikasu kapena kukokera kumbuyo ka mutu wofiira. Galimoto inkathamanga bwino kuposa za anzanga, ine n'kumanyada. Inkalemera pa chitunda, koma galimoto ya zaka zimenezo ndani angadabwe?

Zinaululika m'dzinja pa msewu wa dothi wopita kumudzi, pa chitunda china choterera chimene pamwamba pake pali miyala. Ndinadina kachikasu. M'matope galimoto inkangogwedezeka, matayala akukanda, ngati kuti kumbuyo kukufuna kupitirira kutsogolo. Ndipo n'zimene zinkachitikadi: Series ilibe difu ya pakati, ma propshaft awiri, zitsulo zopereka mphamvu ku difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, amamangidwa pamodzi, ndiye matayala akumbuyo ankafuna kuzungulira kanayi pamene akutsogolo azungulira katatu. M'matope tayala limatha kutsetsereka n'kutaya mphamvuyo. Titangofika pa miyala pouma, matayala onse n'kugwira, chiwongolero chinauma gwa, injini n'kubuula, kenako phokoso limodzi lokha pansi pa mpando, thwa! Half shaft ya kumbuyo inali itadukira m'kati, pafupi ndi difu.

Makaniko atasolola chitsulocho, mizere yake inali yopotoka pamene chinadukira, kachidutswa kena katatsalira mu difu. Pothira oyilo pansi munali zinyenyeswa zonyezimira. Anatsitsa difu, n'kuyamba kuwerenga mano akuika chizindikiro ndi choko. Atafika pa 46 anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, kutsogoloku munayamba mwatsegulako?" Ndalama inapita pa kukoketsa galimoto, pa half shaft, pa mabering'i, ndi pa kusaka difu ya 4.7 imene sinadyeke. Bambo aja nditawaimbira anangoti galimoto ankayendera m'tauni, za kachikasu sankazigwira. Mpaka lero ndikawaona pa msewu sindiimika.

Chimene chimandipweteka n'chakuti difu ya 3.54 payokha si yoipa. Alipo anzanga amene anaika ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi Tdi, ndipo pa M1 amandisiya kutali injini yawo isakukuwa. Pa injini ya 2.25 ndiye ayi, imalemedwa, giya lachinayi limasanduka la pa mtsetse pokha, ndipo giya lotsika lija lokwawira pa miyala limakhala lothamanga. Amene akufuna liwiro pa tala ndi injini yakale asake overdrive ya Fairey, giya lowonjezera la liwiro, imene imamangidwa kumbuyo kwa transfer box, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, osakhudza madifu. Kupezeka kwake n'kovuta ndipo yotha imalira mokwiyitsa, koma siingakuthyolereni kanthu. Palinso kena kamene eni madifu a 3.54 amaiwala: chingwe cha sipidomita chimachokera ku transfer box, ndiye wotchi ikamati 60 galimoto ili pa 80. Apolisi a kamera za madifu sazimva.

Musanapereke ndalama pa Series iliyonse, yesani izi, sizifuna kumasula kanthu. Tsekerani matayala ndi miyala, chifukwa handibuleki ya Series imagwira propshaft ndipo muyenera kuimasula. Giya likhale pa fulii, kofiira kutsogolo, kachikasu m'mwamba. Kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, linzake likhale pansi. Lembani choko pa tayala ndi pa propshaft. Zungulitsani tayala kawiri kathunthu mukuwerenga propshaft: ikazungulira kanayi ndi kupitirira theka, ndi 4.7, ikazungulira katatu ndi theka, ndi 3.54. Chitani chimodzimodzi kutsogolo, ndipo ngati kuli ma hub otsekula, amene amamasula matayala akutsogolo ku difu, muyambe mwawatseka. Manambala awiriwo akasiyana, mwini galimoto atsitse mtengo kapena mubwerere.

Ndiye pa njira zitatuzi ndiike ndalama pati? Pa kukongola ndi mtengo wogulitsira, yoyamba yapambana, palibe mtsutso. Pa mafuta ndi maulendo ataliatali, yachitatu. Pa kukonzeka kulikonse kumene yafera, yachiwiri, ndipo kwa ine mfundo imeneyi ikuposa zinazo chifukwa galimoto yanga imapita kumene kulibe netiweki. Amene amati kusakaniza kumaononga mbiri ya galimoto ndimawayankha kuti Land Rover ya kuno imene inatumikira pa mishoni zaka 30 mbiri yake ndi yosakanizayo. Chitseko cha Series III pa thupi la IIA chinaikidwa ndi munthu amene ankafuna kukafika ndi odwala kuchipatala. Amene amaika chesisi ya Defender ya masipuling'i ozungulira pansi pa thupi la Series ndilibe nawo mawu ambiri, koma asamaitchule Series pogulitsa.

Lamulo langa posakaniza ndi lakuti zitsulo zimene zimagwira ntchito limodzi zisinthidwe limodzi: madifu onse awiri, mabuleki ndi master cylinder yake, giyabokosi ndi za kilatchi zake, alternator ndi mawaya ake. Ndipo zilembedwe. M'bokosi la pansi pa mpando wa galimoto yanga muli kope la sukulu m'pepala la pulasitiki, mmene ndinalemba chitsulo chilichonse chimene si cha 1968, chinachokera pa galimoto yanji, ndi sipanala imene chimafuna. Injini yalembedwa kuti ndi ya mabering'i asanu, mabawuti a mamilimita. Mabuleki akutsogolo ndi a 109, kuti wokagula nsapato za mabuleki asabwere ndi za mainchesi 10. Madifu onse ndi 4.7, ndipo manowo ndinawerenga ndekha.