Okonza mabuku a m'tawuni ya Mzuzu: mkonzi ndi waluso, wojambula afunika kumuyang'anira

Mkati mwa tawuni ya Mzuzu muli kaofesi ka anthu awiri, mkonzi ndi wojambula pa kompyuta, kothandiza alembi odzisindikizira okha mabuku. Amakonza chikuto, mawu a kuseri kwa buku, mbiri yaifupi ya mlembi ndi tsamba la Facebook. Phindu lenileni la ndalama zanu lili pa tsiku loyamba, kompyuta isanayatsidwe n'komwe.

Mkonzi amayamba wawerenga mitu itatu yoyambirira, kenako n'kukufunsani mafunso atatu: mukulembera ndani, munthuyo akamaliza buku adzakhala atapeza chiyani, nanga n'chiyani chimene sadzachipeza konse m'mabuku anu? Mayankho onse ayenera kukwana m'chiganizo chimodzi cha mawu osaposa 20, ndipo chiganizocho ndiye lonjezo lanu kwa owerenga. Mukati "ndimalembera aliyense" amakubwezani kuti mukaganizenso. Amafuna zonga izi: "Malangizo a ulimi wa khofi kwa mlimi wa munda waung'ono, m'Chichewa chosavuta, mwezi ndi mwezi." Apa tikumuyamikira kwambiri. Funso lachitatu lija ndi limene alembi ambiri amalizemba, chonsecho ndi limene limasunga owerenga. Munthu amene anagula buku lanu loyamba chifukwa cha nkhani zachikondi, akapeza lachiwiri ladzaza ulaliki, lachitatu sagulanso.

Amasamalanso za chilankhulo. Kuno anthu amasakaniza Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi pocheza, koma buku la mutu wa Chichewa lomwe theka la m'kati mwake ndi Chingerezi lanamiza wogula. Ngati anthu a m'nkhani yanu amayankhulana m'Chitumbuka, mkonziyu amalangiza kuti mawu a kuseri kwa buku anene zimenezo poyera.

Vuto limabwera ntchito ikafika kwa wojambula. Amakonda zithunzi zotola pa intaneti, moti nkhani yochitikira ku Chibavi kapena ku Zolozolo imavekedwa chikuto cha nyumba zosanja zakunja, lonjezo lija n'kusweka buku lisanatsegulidwe. Zithunzi zoterezi zimaoneka bwino pa foni koma pa pepala zimatuluka zosaoneka bwino, chifukwa makina osindikizira amafuna chithunzi cha 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse). Musavomereze chikuto musanaone zinthu izi: mitundu ikhale ya CMYK (ya inki yosindikizira) osati RGB (ya pa sikirini), apo ayi zofiira ndi zobiriwira zidzazilala, chithunzi chipitirire ndi 3 mm mbali zonse kuti podula pasatsale mzere woyera, ndipo msana wa buku uyezedwe chiwerengero cha masamba chitatsimikizika. Wojambulayu amafulumira kuuyeza mkonzi asanamalize, ndiye dzina la mlembi limakhotera kutsogolo. Pa buku la A5 (148 ndi 210 mm), pepala la 80 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) m'kati ndi la 250 mpaka 300 gsm pachikuto ndi lokwanira. Chikutocho chimatidwe pulasitiki, chifukwa chinyezi cha ku Mzuzu chimapinda chikuto chosamata msanga.

Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku padziko lonse, sakutengerani. Imaperekedwa ndi National Archives of Malawi ku Zomba, ili ndi manambala 13, ndipo muitenge kuseri kwa buku kusanamalizidwe kuti barcode (timizere toimira nambalayo) ipeze malo. Za umwini wa zolemba zanu kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso m'Malawi.

Tsamba la Facebook amangolitsegula n'kuikapo chithunzi, basi. Limenelo mutha kudzipangira nokha.

Kwa mlembi amene akutulutsa buku loyamba, kapena amene mabuku ake sakudziwika kuti ndi a munthu mmodzi, kukumana ndi mkonziyu n'koyenera. Pachikuto bwerani ndi chithunzi chanuchanu chojambulidwa ndi kamera yabwino, pemphani buku limodzi loyesera musanalipire onse, ndipo mugwirizane polemba kuti mafayilo otha kusinthidwa adzakupatsani pamodzi ndi PDF, kuti buku lachiwiri lidzafanane ndi loyamba.