Sentinel-2, Landsat kapena OLCI: poyeza DOC m'gombe la Arctic titenge iti?

Anzanga amene mwangoyamba kumene za masetilaiti ndi madzi ozizira akumpotowa, tiyambe tagwirizana kaye chinthu chimodzi, palibe setilaiti imene imaona DOC, kaboni uja wosungunuka m'madzi. Imaona mtundu wa madzi basi. Gawo lina la zosungunukazi lili ndi mtundu, ndi lija timati CDOM, limameza kuwala kwa buluu madzi n'kumaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye timayeza CDOM yo kenako n'kuwerengetsa DOC pofananitsa ndi masampulo otunga pa boti. Ubale wa ziwirizi umasintha malinga ndi mtsinje komanso nyengo, fomula ya mtsinje wa Lena ku Siberia musaikakamize pa mtsinje wa Mackenzie ku Canada, madzi a Mackenzie ndi amatope ngati tiyi wothira mkaka wambiri ndipo matopewo amasokoneza zonse.

Ambiri timathamangira Sentinel-2 chifukwa zithunzi zake n'zokongola. Zoonadi, mamita 10 pa pikiselo si masewera, timitsinje ta mu delta ya Mackenzie timaoneka kamodzikamodzi, ngakhale matope amene akugumuka pa gombe la Herschel Island umawaona akulowa m'nyanja ngati utsi. Koma taonani bwino, band (gawo la kuwala limene kamera imajambula palokha) ya 443 nm, ya buluu, imene tikuifuna kwambiri pa CDOM si ya mamita 10 ayi, ndi ya 60, ndipo pansi pa 443 palibenso ina. Kamera yakeyo anaipangira minda ndi nkhalango, pamene madzi odzaza CDOM ndi akuda, kuwala kumene amabweza n'kochepa zedi ndiye phokoso, kusokonekera kwa manambala a kamera, limachuluka. Komanso ukatalikira ku gombe zithunzi zimasowa, sijambula nyanja yonse. Ine ulendo woyamba ndinadaunilodi zithunzi zokonzedwa kale zija, osadziwa kuti anazikonzera za kumtunda, manambala a buluu n'kutuluka negative, ndinataya sabata yathunthu ndikuganiza kuti khodi yanga ndi imene yalakwika. Tengani L1C, zithunzi zosachotsedwa zosokoneza za mumlengalenga, mudutsitse nokha mu ACOLITE kapena C2RCC, mapulogalamu a atmospheric correction (kuchotsa zosokonezazo) opangira madzi, musabwereze uchitsiru wangawu.

Landsat 8 ya 2013 ndi Landsat 9 ya 2021 zili pakatikati. Mamita 30, band ya 443 ilinso pa 30 pomwepo, ndipo pa madzi akuda ine ndimaona kuti ili ndi phokoso lochepa kuposa Sentinel-2. Chimene ndimaikondera kwenikweni ndi thermal, band yoyeza kutentha, madzi a mumtsinje amakhala ofundirapo kuposa a m'nyanja ndiye umatha kutsatira kumene akulowera. Vuto ndi kuchedwa, iliyonse imabwerera pamalo pakatha masiku 16, ziwirizo pamodzi 8. Kumpoto njira zake zimapiringizana ndiye mwayi umachulukako pang'ono, koma nkhungu ya ku Beaufort Sea sikunyengerera munthu, mwezi ukhoza kutha uli ndi chithunzi chimodzi chogwira.

Apa ndiye pamene OLCI, kamera ya pa Sentinel-3, imawinira, ngakhale zithunzi zake n'zosasangalatsa kuona. Pikiselo ndi mamita 300, koma ili ndi ma band 21 kuyambira 400 nm, ya 412 iliponso, anaipangira madzi enieni potengera MERIS ija ya pa Envisat imene inasiya kugwira mu 2012. Ikadutsa imasesa makilomita 1,270 m'lifupi, Sentinel-2 imasesa 290, Landsat 185. Popeza zilipo ziwiri, 3A ya 2016 ndi 3B ya 2018, kumtunda kumeneko umapeza chithunzi pafupifupi tsiku lililonse, mitambo ikangotseguka pang'ono wachipeza.

Kuchuluka kwa zithunziku n'kofunika kuposa kukongola chifukwa DOC ku Arctic sabwera pang'onopang'ono chaka chonse. Chipale chikasungunuka kumapeto kwa Meyi mpaka Juni, mitsinje ikuluikulu ija, Ob, Yenisey, Lena, Kolyma, Mackenzie, imasefukira n'kukokolola gawo lalikulu la kaboni wa chaka chonse m'masabata ochepa. Ukaphonya masabata amenewo wangojambula zotsalira. Ndipo nthawi yojambula n'kale yochepa, miyezi ya mdima palibe chimene ungachite, dzuwa likakhalanso pansi kwambiri ma atmospheric correction amayamba kunama.

Koma OLCI nayo ili ndi matenda ake. Pafupi ndi gombe pikiselo imodzi imasakaniza madzi ndi mtunda, timitsinje ting'onoting'ono iwalani. Pafupi ndi ayezi ndiye zoopsa, kuwala kwa ayezi kumamwazikira m'mapikiselo oyandikana madzi n'kumaoneka oyera kuposa mmene alili, CDOM n'kutuluka yochepa. POLYMER, pulogalamu ina ya atmospheric correction, imathandizako koma maski ya ayezi, dera limene mumataya mozungulira ayezi, ikulitseni ndithu, musaumire mapikiselo. Ndipo madzi osefukira oyambirira aja amafika ayezi wa m'gombe asanachoke, ena amadutsa pansi pake, amenewo palibe setilaiti pa zonsezi imene ingawaone, pamafunika munthu woboola ayezi n'kutunga.

Kamera ina ya MODIS ndi agogo, setilaiti ya Aqua imene imainyamula yakhala m'mwamba kuyambira 2002, ma band ake a za nyanja ndi kilomita imodzi pa pikiselo. Ngati funso lanu ndi lakuti zasintha bwanji pa zaka 20 pamene permafrost, nthaka youndana ndi ayezi chaka chonse, ikusungunuka, simungailambalale. PACE ya NASA ya 2024 imafika mpaka ku UV, kuwala kosaoneka ndi maso kuseri kwa buluu, kumene CDOM imameza kwambiri, koma nayonso ndi ya pafupifupi kilomita ndipo mbiri yake ikadali yaifupi.

Ine panopa ndimayamba ndi OLCI pa chilichonse cha kunja kwa delta. Tsiku limene yandionetsa chachilendo pafupi ndi Tuktoyaktuk, mudzi wa pa gombe la Beaufort ku Canada, kapena pakamwa pa Lena ndi limene ndimakafufuza ngati Sentinel-2 kapena Landsat inadutsa, n'kudaunilodi chithunzi cha tsiku lokhalo. Zonsezi n'zaulere, koma thayilo imodzi ya Sentinel-2 imatha kuyandikira 1 GB, amene mukudalira bandulo yambani mwaona mitambo pa preview musanadine.